Anaiyambitsa Ndani Sukulu ya pa Mtunthama?

Chaka chatsopano ku Kasungu chimapeza anthu ali kumunda. Fodya amene anawokedwa ndi mvula yoyamba wafika m'mawondo, ena ayamba kale kudula mikangala ndi kufolera zigafa, nkhokwe zapepuka, ndipo ndalama ya fodya wa chaka chatha inatha kalekale. Mwezi womwewu ndi umene sukulu zimatsegulira chigawo chachiwiri, choncho nkhani ya fizi imakhala pakamwa pa kholo lililonse. Pa msewu wochoka pa boma la Kasungu kuloza ku Nkhotakota pamadutsa magalimoto onyezimira atanyamula ana ndi masutikesi awo, ulendo wa ku Mtunthama kumene kuli Kamuzu Academy. Sukuluyi ili ndi tsiku lake lokumbukira amene anaiyambitsa, m'mwezi wa Novembala, ndipo dzina limene limamveka tsiku limenelo ndi limodzi. Koma poti kumayambiriro kwa chaka munthu amawerenga amene anamufikitsa pamene ali, tiyeni tiifukule mbiriyi mozamirapo, chifukwa manja amene anaimika sukulu imeneyi ndi ambiri kuposa amene amatamandidwa.

Chigwa chimene lero chadzaza minda ya fodya kale chinali thengo la mitondo, miombo ndi misuku, njovu zikuyenda mwaufulu. Achewa anafika kuno pang'onopang'ono. Akuluakulu amasimba za ulendo wochokera ku Uluwa, m'dziko limene tsopano ndi Congo, za Abanda amene anatsogola ndi Aphiri amene anabwera pambuyo pake ndi ufumu wa Kalonga, zaka mazana angapo zapitazo. Ufumuwo utakula, abale a mfumu anamwazikana kukafuna malo, ndipo dera la Kasungu linakhala la mafumu monga Chulu, Lukwa, Kaomba ndi Mwase. Nkhani ya pamoto imati Mwase anali wobwera, mlenje wolimba mtima amene anapha mikango yomwe inkasautsa anthu a Chulu, ndipo mphoto yake inali dziko.

Anthu amenewa anali ndi sukulu zawo, ngakhale zinalibe choko. Mnyamata ankakulira kumphala, n'kudzalowa kudambwe kumene ankaphunzira mwambo ndi zinsinsi za gule wamkulu. Mtsikana ankalangizidwa kutsimba ndi anamkungwi. Osula ankayenga chitsulo, ndipo ng'anjo zawo zina zikadalipo m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu. Amene ankayang'anira tsogolo la mwana sanali bambo womubala ayi, koma atsibweni ake, alongo awo a mayi ake, eni mbumba. Mfundo imeneyi tiisunge, ibweranso kutsogoloku.

Zaka za m'ma 1800 zinabweretsa chipwirikiti. Kumpoto kunali Angoni a M'mbelwa amene ankathira nkhondo midzi chaka ndi chaka, anthu n'kumathawira m'phiri la Kasungu ndi m'malinga. Kum'mawa kunali Jumbe wa ku Nkhotakota ndi malonda ake a minyanga ndi akapolo, ndipo njira ya amalondawo yochokera ku Luangwa inkadutsa m'dziko la Mwase. Mwase anachenjera: anagwirizana ndi Jumbe, napeza mfuti ndi wonga, ndipo pa Nguru ya Nawambe Achewa anagonjetsa Angoni, chinthu chimene chinali chosowa masiku amenewo. David Livingstone anadutsa kwa Mwase mu 1863 akuchokera kunyanja. Koma mfuti zimene zinathamangitsa Angoni sizinathe kuletsa Angerezi. Dziko litalengezedwa kukhala pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, Mwase Chibisa anakana kugonja, ndipo m'masiku otsiriza a 1895 asilikali ochokera ku Nkhotakota anaphwasula likulu lake. Mfumuyo inasankha kudzipha kusiyana n'kugwidwa.

Zitatero, zinthu ziwiri zinalowa m'mudzi pafupifupi nthawi imodzi: msonkho wa nyumba ndi sileti. Msonkho unatulutsa amuna kupita ku Harare ndi ku Joni, ena osabweranso, amene timawatcha matchona. Sileti linabwera ndi amishoni a ku Livingstonia, a Chisikotchi, amene mtsogoleri wawo Dr Robert Laws anali atatsegula sukulu yaikulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894. Cha m'ma 1900 Dr George Prentice anakhazikitsa mishoni ku Chilanga, pafupi ndi boma la Kasungu. Mzunguyo anali mmodzi, ndipo sakanatha kufika mudzi uliwonse. Amene anafalitsa kuwerenga anali aphunzitsi achikuda, anyamata amene anangophunzira zaka zochepa, oyenda pansi ndi Baibulo ndi bolodi laling'ono, olandira malipiro osakwana n'komwe kugula nsalu yabwino. Mmodzi wa iwo ankasonkhanitsa ana pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama.

Pakati pa ana amenewo panali Kamuzu, mwini dzina la Kamuzu Academy amene anadzakhala pulezidenti wa dziko lino, wobadwa cha m'ma 1898, ngakhale boma lake pambuyo pake linkanena 1906. Kuchoka pa kachere anapita ku Chilanga, kumene anabatizidwa natenga dzina la Hastings. Atsibweni ake, a Hanock Msokera Phiri, anali ataphunzira kale ku Livingstonia ndipo anali mphunzitsi. Monga mwa mwambo wa mbumba, iwo ndiwo anamukokera mphwawoyo ku maphunziro. Tikamati Kamuzu anakonda sukulu, tizikumbukira amene anamukondetsa.

Chaka cha 1915 ndicho chinakhotetsa zonse. Kamuzu, amene tsopano ankathandizira kuphunzitsa ana ang'onoang'ono, analowa m'chipinda cholembera mayeso amene akanamutsegulira njira ya ku Khondowe. Anali wamng'ono msinkhu, ndipo anamukhazika kumbuyo. Pofuna kuona bwino mafunso pa bolodi anaimirira n'kusuzumira pamwamba pa phewa la mnzake. Woyang'anira mayesowo, mbusa Thomas Cullen Young, anaganiza kuti mwanayo akubera, namutulutsa. Palibe amene anamufunsa mbali yake. Kwa mwana wa m'mudzi wa nthawi imeneyo khomo linali limodzi lomwelo, ndipo linatsekeka chifukwa cha kanthu kosakwana mphindi imodzi. Patangopita nthawi yochepa mnyamatayo anasowa m'mudzi, osatsanzika. Ine ndimaona kuti aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chake munthu wokalamba anadzathira chuma chochuluka chotere pa sukulu imodzi m'thengo la Mtunthama ayenera kuyambira m'chipinda chimenechi. Manyazi a paubwana sakalamba.

Anayenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia, kumene anagwira ntchito yosesa pa chipatala cha ku Hartley, tauni imene lero ndi Chegutu. Atsibweni ake anamulondola komweko, ndipo awiriwo anapitirira limodzi ku South Africa, ku migodi ya malasha ya ku Natal, kenako ku mgodi wa golide pafupi ndi Johannesburg kumene Kamuzu anakhala kalaliki ndi womasulira. Usiku ankapita kusukulu. Mu 1921 anamva Dr James Aggrey wa ku Gold Coast akulankhula, munthu wakuda wophunzira ku America amene azungu ankamumvetsera mwaulemu. Iye ndi atsibweni ake analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, wa anthu akuda a ku America, ndipo mpingo umenewu ndiwo unamuthandiza kuwoloka nyanja mu 1925.

Apa njira za awiriwa zinasiyana, ndipo ya atsibweniwo ndi imene imaiwalika. A Hanock Phiri anadzozedwa ubusa nabwerera kwawo mu 1924, n'kukhazikitsa mpingo ndi sukulu pa Mdabwi, ku Kasungu komweku. Inali sukulu ya munthu wakuda, yosadalira mishoni ya azungu, yoyenda ndi ndalama zotolera movutikira. Nthawi imeneyo n'kuti mishoni ya Chilanga ikuchoka m'manja mwa Livingstonia kupita kwa amishoni a Dutch a ku Nkhoma, amene maphunziro awo ankatsamira kwambiri pa Baibulo ndi ntchito zamanja kusiyana ndi Chingerezi. Munthu wa ku Kasungu woyamba kunena kuti tingathe kudziyambitsira sukulu tokha sanali Kamuzu ayi, koma atsibweni ake, zaka zoposa makumi asanu Kamuzu Academy isanatsegulidwe.

Mphwawo uja anaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, kumene anakumana ndi Chilatini n'kuchikonda moyo wake wonse. Anapitirira ku Indiana ndi ku yunivesite ya Chicago, namaliza udokotala ku Meharry mu 1937, kenako ku Scotland. Ali ku Chicago anathandiza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa limene linatuluka mu 1937, Chichewa chake cha ku Kasungu. Ndipo dziko ndi lozungulira: ku Britain anakumananso ndi Cullen Young yemwe uja, nakhala mabwenzi, mpaka mu 1946 anatulutsira limodzi buku la Our African Way of Life.

Pamene ankatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi, anapeza dziko limene sukulu za sekondale zinali zowerengeka ndi zala. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Iye mwini ankalankhula kwa anthu ake kudzera mwa womasulira. Ali m'ndende ku Gwelo mu 1959 ndi 1960 anati analota maloto atatu: likulu ku Lilongwe, yunivesite, ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Onse anadzachitika ufulu utabwera mu 1964. Loto la Mtunthama linali la mtundu wina, la mumtima mwake, ndipo linkafunika ndalama zambiri.

Ndalamazo zinamera m'munda. Fodya wowamba m'mabalani anayesedwa ku Kasungu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, koma anakula kwenikweni azungu a ku Rhodesia atadzilengezera ufulu mu 1965 n'kutsekeredwa misika. Ogula anatembenukira ku Malawi. Thengo linagwetsedwa, maesiteti anatsegulidwa, ndipo aakulu kwambiri anali a makampani a Press, amene mwini wake anali Kamuzu yemweyo. Nduna ndi akuluakulu a chipani analimbikitsidwa kutenga ngongole kubanki n'kutsegula awo. Lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa burley ndi wowamba uja, amene anali ndi mitengo yabwino ku okushoni. Mlimi wa m'mudzi ankagulitsa mtedza, thonje ndi fodya wake wa chikopa ku ADMARC pa mtengo wotsika, ndipo phindu la bungwelo linkakathera ku maesiteti omwe aja. Mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu naletsa bungwe la Wenela kulemba anthu ntchito za ku migodi. Amuna amene akanapita ku Joni anapezeka ali m'maesiteti. Mabanja athunthu ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi madera ena opanikizana anabwera ku Kasungu kudzakhala matenanti, kulandira chimanga ndi feteleza pa ngongole kwa mwini esiteti, ndipo pomadzawerengera kumapeto kwa nyengo ambiri ankatsala ndi zochepa kapena ngongole imene. Ana awo ankasoka fodya m'malo mopita kusukulu.

Kamuzu ankati sukulu ya pa Mtunthama ndi mphatso yake kwa mtundu wa Amalawi. Koma masiku amenewo thumba la pulezidenti, la Press ndi la boma anali ngati madzi a mitsinje itatu atakumana pa mathiriro, sungaloze kuti awa achokera uku. Choncho pakati pa oyambitsa sukuluyi tiyenera kuwerengamo mayi wa ku Phalombe amene anathyola fodya mvula ili pamsana, ndi mlimi wa kwa Wimbe amene mtedza wake unagulidwa motchipa. Sanafunsidwe, koma anasonkha.

Pa 21 Novembala 1981 sukulu inatsegulidwa, pafupi ndi kachere uja, amene anasungidwa ngati chikumbutso. Anthu a m'midzi yozungulira anaona zimene anali asanazionepo: nsanja ya wotchi, makonde a zipilala zokhota ngati za Aroma, dziwe lalikulu lokumba kutsogolo, nyumba ya mabuku yotengera kamangidwe ka Library of Congress ya ku Washington, malo osambira, ngakhale bwalo la gofu. Atolankhani a ku Britain anaitcha Eton ya mu Africa. Mphunzitsi wamkulu woyamba anali John Chaplin. Mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, chifukwa kwa Kamuzu munthu wosadziwa zilankhulo zimenezi anali asanaphunzire kwenikweni. Mayeso anali a ku Britain.

Chokoma chake tichinene mosabisa. Ana ankasankhidwa kuchokera m'boma lililonse, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi amene akhoza bwino koposa, ndipo sankalipira kanthu. Mwana amene dzulo lake ankaweta mbuzi ku Nsanje kapena ku Chitipa ankapezeka akugona pa bedi, akudya katatu, akuimba piyano, ndipo ambiri anatumizidwa ku mayunivesite akunja. Madokotala, mainjiniya, oweruza ndi aphunzitsi a m'mayunivesite ambiri amene tili nawo anadutsa pamenepa. Mwana amene anatulutsidwa m'chipinda cha mayeso mu 1915 anafuna kuti mwana wanzeru wa m'mudzi asatsekeredwenso khomo chifukwa cha umphawi, ndipo kwa ochepa amene anasankhidwawo zinathekadi.

Koma chowawa chake n'chosabisikanso. Kamuzu analamula kuti aphunzitsi onse akhale azungu, ati Mmalawi sanafike poti n'kuphunzitsa pamenepo. Munthu amene anaphunzira kuwerenga kwa mphunzitsi wakuda pansi pa mtengo, amene atsibweni ake anali mphunzitsi, ndiye anaika lamulo limeneli. Anthu a m'dera analowa pa geti ngati ophika, ochapa, alonda ndi otchetcha kapinga. Chichewa, chimene iye mwini anachikweza mu 1968 kukhala chilankhulo cha dziko, mpaka kumadzudzula pagulu anthu ochilankhula molakwitsa, sichinkaloledwa pasukulupo. Ndipo pamene ana mazana ochepa ankawerenga Caesar, ana a m'sukulu za pulayimale za kufupi komweko ankakhala pansi, oposa zana m'kalasi imodzi, ena akubwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi ndi yunifolomu. Kunena zimenezi mokweza masiku amenewo kunali kudziitanira a Payoniya.

Amene anayamba kunena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi za mavuto a m'sukulu, anali maepiskopi a Katolika m'kalata yawo ya mu Malichi 1992. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, ndipo mu Meyi 1994 Kamuzu anagonja kwa Bakili Muluzi. Boma latsopano linathetsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa n'kulumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi sanakwane, ndipo ana ambirimbiri anabwerera pansi pa mitengo. M'nyengo yotere panalibe wandale amene akanaimirira kuti ateteze ndalama za sukulu ya Chigiriki. Thandizo linaduka, Press inachotsedwa m'manja mwa Kamuzu, aphunzitsi ambiri achizungu ananyamuka, ndipo panali nthawi imene zinkaoneka kuti mageti atsekedwa. Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg, sukulu yake ili pakati pa moyo ndi imfa.

Amene anaipulumutsa nawonso ndi oyambitsa, kachiwiri. Aphunzitsi ochepa amene anatsala, pakati pawo Frank Cooke amene anadzaitsogolera zaka zambiri, pamodzi ndi Amalawi amene tsopano analoledwa kugwira choko, anaisandutsa sukulu yolipira. Inapulumuka, koma inasintha mwini. Mwana wolowa tsopano anali wa amene angathe kulipira: wa nduna, wa mwini kampani, wa wogwira ntchito ku mabungwe akunja, ndi ena ochokera m'maiko oyandikana nafe. Nthawi zina boma lakhala likulipirira ana ochepa okhoza bwino, koma chizolowezi chija cha boma lililonse kutumiza ana ake atatu chaka ndi chaka chinapita ndi mwini wake.

Kuti tione kusinthaku bwino, tingoyenda pang'ono kuchoka pa Mtunthama kupita kwa Wimbe. Njala ya 2001 ndi 2002 inakantha Kasungu koopsa, anthu akudya gaga ndi mizu, akugulitsa mbuzi ndi malata pa mtengo wa bonya. M'mudzi wa Masitala mnyamata William Kamkwamba, mwana wa mlimi wa chimanga ndi fodya, anasiya sekondale chifukwa makolo ake analephera fizi. Anayamba kubwereka mabuku m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, napezamo lina la Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Ndi zitsulo zotola pa dzala la esiteti yakale ya fodya, fani ya thirakitala, njinga yakutha ndi dayinamo, anapanga magetsi kwawo ali ndi zaka 14. Anthu ankati wapenga kapena akusuta chamba. Nkhani yake itatuluka m'nyuzipepala mu 2006 anthu akunja anamuthandiza, mpaka anamaliza maphunziro ku Dartmouth ku America mu 2014. Mwana wotereyu ndi amene Kamuzu ankati akumumangira sukulu. Anakulira pafupi ndi nyumba ya mabuku yokongola koposa m'dziko muno, koma amene anamupulumutsa anali mashelefu ochepa a mabuku opatsidwa.

Zipatso za mbadwo woyamba uja wa ana a Kamuzu Academy zikuonekabe. Mayi Catherine Gotani Hara, amene mu 2019 anakhala mayi woyamba kukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo, anaphunzira pa Mtunthama. Samson Kambalu, amene chosema chake cha John Chilembwe atavala chipewa pamaso pa mzungu chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, anaphunziranso pomwepo. Sukulu imene inamangidwa kuti ipange Mmalawi wonga Mngerezi inatulutsa munthu amene anakaimika Chilembwe pakati pa likulu la Angerezi.

Nalo dera lasintha. Kuyambira mu 1990 mlimi wamba analoledwa kulima burley, ndipo lero mabelo a m'midzi amapita ku msika wa Chinkhoma, ku Kasungu konkuno. Maesiteti ambiri akale anagwa, ena anthu analowamo n'kugawana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, ngakhale amene amayenda m'minda amadziwa kuti lamulo la pa pepala limachedwa kufika kuchigafa. Mitengo ya fodya ikagwa, alimi amathamangira ku soya ndi mtedza, ikakwera amabwereranso. Pasukulupo pawonjezeka Chitchaina, chizindikiro cha kumene mphepo ya chuma ikuchokera masiku ano, koma Chilatini sichinachoke. Kusiyana kwake n'kwakuti aphunzitsi ambiri tsopano ndi Amalawi, amuna ndi akazi a ku Mzimba, ku Dowa ndi ku Chiradzulu, amene mu 1981 sakanaloledwa kuima kutsogolo kwa kalasi iliyonse ya pa Mtunthama.